Mbale Yobwerera ya a Davison

Alamu anga a Davison adafika ku Kaluluma kuchokera ku Phalombe ngati tenanti, atanyamula khasu ndi kachikwama kamodzi. Adalima fodya wa bale zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo posankha masamba panalibe wowaposa. Pakudya ndiye osanena. Mlongo wanga Sellah ankaphika ngati kukubwera alendo anayi, chonsecho wodya ndi mmodzi.

Chaka chatha kuchipatala adawapeza ndi khansa ya m'mimba. Chakudya chidayamba kutsala m'mbale. Lamba adamuboola ndi msomali kawiri, kenako kachitatu, mapewa n'kutuluka ngati mitengo ya chigafa chosafolera.

Kwathu kuno mwamuna akabweza mbale ya mkazi wake ndiye kuti pali nkhani. Sellah adapha nkhuku zake imodziimodzi, adasinja mtedza mpaka manja kuchita matuza, koma mbale inkabwerera momwe yapitira. Tsiku lina m'mawa adafika kwanga, popeza nkhoswe yawo ndine.

"Achimwene, kafunseni alamu anu chimene ndawalakwira. Ngati akupita, asapite atandikwiyira."

Ine wopusanso ndidavala jekete langa lakutchalitchi, kupita kukaweruza mlandu. Ndidawapeza atatsamira khoma pakhonde.

"Alamu, mayi akunyumba akuti mukuwakanira chakudya. Alakwanji?"

Adaseka mpaka kutsokomola, kenako misozi idatsika.

"Alamu, njala idandithawa. Anamwino adandiuza kuti ndi matendawa, amachotsa chilakolako cha chakudya, thupi n'kumangotha. Fungo la mafuta limandichititsa nseru. Nanga mayi akunyumbawo ndikadawauza bwanji? Akadati ndikunyoza maphikidwe awo."

Ndidaitana Sellah. Adabwera n'kugwada chapatali, maso pansi, kudikira chigamulo.

"Amake Tithokoze," adatero a Davison, "simunandilakwire ngakhale tsiku limodzi. Zisiyeni nkhuku zatsalazo. Mundiphikire kaphala kamadzimadzi, m'kapu, pang'ono chabe. Koma mukhale pompano, pafupi ndi ine."

Sellah adalira ngati mwana, kenako adathamangira kukhitchini.

Phala litabwera, a Davison adamwa masipuni atatu basi. Kapuyo adaikankhira kwa mkazi wawo, n'kunena kuti, "Malizani inu." Sellah potambasula dzanja, m'pamene ndidaona mkono wake, woonda ngati phesi. Masabata onsewo, mbale ya mwamuna wake ikabwerera, nayenso ankavundikira yake osadya.