Botolo limene malemu anasiya

Abale anga, izi sindinachite kumva kuchigayo ayi, zinachitika pakhomo panga, ndipo mwana ndikunenayu ndinabereka ndekha.

Mchimwene wanga anadwala khansa nthawi yaitali kwathu kwa Chiwalo, ndipo achipatala ankamupatsa mofini, mankhwala amadzi opha ululu, m'botolo lapulasitiki. Atamwalira tinagawana katundu monga mwa mwambo, uyu jekete, uyu khasu, njinga n'kugwera mwana wanga wamwamuna amene anali atangosiya sukulu. Botolo lija linali litatsala theka, ndiye azakhali athu analiika m'thumba la panjingapo n'kunena kuti mankhwala sataya, adzamuthandiza miyendo ikamaphwanya. Nanga kwathu kuno alipo amataya mankhwala? Si timabwerekana ngati mchere?

Mwanayo anayamba kabaza ku Migowi. Ine ndinkangoona akubwera wofatsa, osadandaula kutopa, kudya pang'ono n'kukagona, moti ndinkamutama kwa anzanga akutchalitchi kuti wanga yekha sadziwa mowa.

Tsiku lina masana, ndikuchokera kothyola nandolo, ndinamupeza atatsamira mtengo wa mango, njinga itagwera pambali. Kumuitana, zii. Nditamugwedeza mutu unangogwera pachifuwa, milomo itatuwa, kupuma kwapatalipatali moti akatulutsa mpweya ndinkangoti basi, wina sabweranso. Ndinathamanga kukaitana anthu. Mnansi wathu anamumangirira kumsana ndi chitenje changa, n'kuthamanga naye panjinga yamoto kuchipatala.

Atatsitsimuka anaulula kuti botolo linatha kalekale, ndipo thupi litayamba kumuzunza, thukuta, kutsegula m'mimba, kusowa tulo, anzake apasiteji anamuonetsa kogula mapiritsi a tramado, nawonso amphamvu opha ululu. Tsiku limenelo anamwa ambiri chifukwa ochepa sankamugwiranso. Namwino anatiuza mofatsa kuti mankhwala amphamvu chotere akatsala amabwezedwa kuchipatala, ndipo thupi likawazolowera munthu sasiya payekha, amafunika thandizo.

Kusiya kunavuta, anabwerera ku mapiritsi aja kangapo, koma pano ali bwino, akulima. Ena ankanong'ona kuti achibale anamulodza chifukwa cha njinga. Ine zimenezo ayi, palibe anamufunira zoipa, anamupatsa mwachikondi ndithu, ndipo n'zimene zimandiopsa.

Choncho pogawa za malemu, gawanani zovala ndi makasu, mankhwala bwezani kumene anachokera. Mwana akafatsa mwadzidzidzi musathamangire kuyamika, khalani naye pansi mumufunse. Ine mpaka lero ndikamupeza akugona masana, ndimayamba ndaima kaye pakhomo kumvetsera ngati akupuma.