Amene Analawa Akweze Dzanja

Mayi Leposava anaphunzitsa zophika ndi kakonzedwe ka zakudya pa sekondale ya m'tauni mwathu zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ine ndinkaphunzitsa masamu m'chipinda choyandikana ndi khitchini yawo, ndipo mawu awo ndinkawamvera kukhoma tsiku ndi tsiku. Anali mayi wamfupi, wamikono ngati ya mwamuna, wosaseka wamba. Ana ankawaopa kuposa ahedi, ndipo kunena zoona ahediwonso ankawaopa.

Bambo awo anali opha nkhumba, aja oyenda khomo ndi khomo kukayamba kuzizira. Kuno kwathu, m'chigawo cha Banat, mwezi wa Novembala ukafika banja lililonse limapha nkhumba yake n'kupanga soseji, ndipo mwamuna aliyense amakhulupirira kuti mchere wa soseji umayesedwa ndi lilime nyama ili yaiwisi. Amatapa ndi chala m'beseni, kutafuna, kuyang'ana kudenga ngati akupemphera, kenako n'kulamula kuti muwonjezere adyo. Ukawauza za tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timabisala m'nyama ya nkhumba, amakuseka kuti agogo awo analawa moyo wawo wonse osadwala. Mchimwene wawo wa Mayi Leposava analawa chomwecho ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anatupa maso, thupi linauma ngati thabwa, ndipo anamuika m'manda Khirisimasi isanafike.

Ndiye lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalinena tsiku loyamba la kalasi iliyonse. Wolawa nyama yaiwisi m'khitchini mwawo sadzalemba mayeso omaliza ophika, ndipo popanda mayesowo palibe satifiketi. Sikunali kuopseza chabe. Anyamata awiri anabwerezapo kalasi pa nkhani imeneyi, makolo awo anadandaula mpaka kutopa. Mayiwo mchere ankauyesa pokazinga kanyama kakang'ono pachiwaya, ndipo nkhumba isanalowe m'soseji ankadula kachidutswa kunsi kwa nthiti n'kupita nako okha kwa dokotala wa ziweto kuti akakayeze.

Chaka chimene ndikunenachi anali atatsala ndi miyezi isanu ndi iwiri kuti apume pantchito. Lachisanu lina lankhungu, kalasi yawo yomaliza, ana khumi ndi asanu ndi anayi, inapha nkhumba ya sukulu. Mayiwo anapita ndi kachidutswa kaja kwa dokotala, n'kusiya ana akudula nyama m'manja mwa Bambo Gvozden, amene ankayang'anira nyumba za sukulu ndi kusonkha moto wotenthetsa m'makalasi. Gvozden anali mlenje, munthu wa nthabwala, wodziwa chilichonse pakamwa. Dokotala anali atapita kukathandiza ng'ombe yolephera kubereka, choncho Mayi Leposava anadikira maola awiri. Anabwerako ndi chikalata choti nkhumba ili bwino, napeza nyama yagayidwa kale ndi kuthiridwa tsabola. Anakwiya pang'ono, anakazinga kanyama kawo, mchere unali bwino, ndipo soseji zinakolekedwa m'kanyumba ka utsi.

Lolemba m'mawa Mayi Leposava anagogoda pakhomo panga phunziro lili mkati, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Stana, iwe ndiye wa masamu. Tiye ukandiwerengere."

M'kanyumba ka utsi muja ndinawerenga soseji makumi asanu ndi limodzi kudza imodzi. Ananena kuti nkhumba ya msinkhu umene uja singatulutse soseji zoposa makumi anayi ndi zisanu, ndiponso kuti mtundu wa sosejizo unali wakuda kuposa masiku onse. Tinampeza Gvozden akuwaza nkhuni.

"Bambo Gvozden, nyama inayo yachokera kuti?"

"Aa, mwazindikira? Imeneyo ndi mphatso, mayi. Nguluwe ndinagwetsa Lachitatu. Soseji yopanda nguluwe ndi chakudya cha odwala."

"Munaiyezetsa?"

"Nguluwe imadya zam'tchire zoyera, mayi, si nkhumba zanu zodya zotsala m'mbalezi."

"Ana analawa?"

Apa nthabwala zinamuthera. Anayang'ana nsapato zake n'kunena kuti anangowaonetsa m'mene amuna amachitira, chifukwa mwana wa kuno sangakule osadziwa kulawa. Ine ndinapsa mtima, ndipo chikuni chimene chinali pafupi ndinachiyang'ana kawiri. Mayi Leposava anabwerera kukanyumba ka utsi. Anatsitsa soseji imodzi, kuikulunga m'epuloni, n'kunyamuka ulendo wa kwa dokotala wa ziweto.

Masana dokotala wa ziweto anaimba foni kuti tinyongolotsi tilimo, tochuluka zoopsa. Ahedi ankafuna kuti tiyambe takhala pansi, tione m'mene tingawauzire makolo sukulu isanyozeke. Anapeza kuti mayiwo aimba kale kuchipatala. Dokotala wa kumeneko anafotokoza kuti mankhwala alipo, koma amagwira bwino masiku oyamba okha, tinyongolotsi tisanachoke m'matumbo kukalowa m'minofu. Anati si maswiti oti n'kugawira aliyense, choncho ankafuna maina a ana amene analawa, madzulo omwewo.

Ndinalowa nawo m'kalasi. Ana anali atamva kale.

"Amene analawa akweze dzanja."

Palibe amene anasuntha. Ndinawanong'oneza kuti awauze anawo kuti lamulo la mayeso lija lachotsedwa, chifukwa ndi limene linkawamanga manja. Anandiyang'ana mondidabwa.

"Za mayeso tidzakamba tsiku lina," anauza kalasi. "Lero tikukamba za moyo wanu."

Mayiwo ankayesa kuti anena zomveka. Ana anamva kuti za mayeso zikadalipo. Komabe mnyamata wina wakumbuyo anakweza dzanja, ena anatsatira, mpaka anakwana khumi ndi mmodzi. Otsalawo mayiwo anawafunsa mmodzimmodzi powatchula maina, akuwayang'ana m'maso. Asanu ndi awiri anakana. Wotsiriza anali Isidora, mwana wa mayi wamasiye wosoka zovala, mtsikana amene manja ake Mayi Leposava ankawatama ngakhale m'chipinda cha aphunzitsi, iwo amene sankatama munthu. Anali atamupezera kale malo ku hotela ina ya mumzinda, ankangodikira satifiketi.

"Iwe ndiye sindikufunsa n'komwe," anatero. "Sungachite zopusa zimenezi." Anatseka kope lawo.

Ana khumi ndi mmodzi aja anayamba mankhwala, Gvozden nayenso. Soseji zonse tinazithira dizilo n'kuziotcha kuseri kwa khola, ndipo fungo lake linakhala m'makalasi masiku atatu. Kenako kunatsala kudikira. Matendawa safulumira, amatha milungu iwiri kapena itatu ali phee, ndipo chizindikiro choyamba ndi zikope zotupa. M'mawa uliwonse Mayi Leposava ankaima pakhomo la khitchini, mwana aliyense wolowa ankamugwira chibwano n'kumutembenuzira kuwindo. Asanu ndi awiri okana aja ndiwo ankawayang'anitsitsa, chifukwa sankawakhulupirira. Ine ndinkaonera pakhomo panga, ndipo masamu amene ndinaphunzitsa masiku amenewo sindikuwakumbukira.

Mlungu woyamba unatha. Wachiwiri unathanso, mtsikana mmodzi yekha anatsegula m'mimba n'kuchira. Makolo amene ankabwera kudzatukwana anayamba kuchepa. Pofika mlungu wachitatu ahedi anayamba kuyenda akumwetulira, akuuza aliyense kuti tapulumuka. Mayi Leposava anali atawonda, koma Lachitatu ndinawaona akudya nkhomaliro koyamba.

Lachinayi Isidora sanabwere. Mayi ake anatumiza uthenga kuti ndi chimfine. Lachisanu sanabwerenso, ndipo Mayi Leposava anaimba foni ali muofesi, ine ndili pomwepo. Anafunsa za kutentha thupi, anafunsa ngati akudya. Kenako anafunsa za maso. Ndinamva mawu a mayi uja akuyankha kuti atupa ndithu, koma mwina n'chifukwa choti mwanayo wakhala akulira masiku onsewa osanena chimene chikumuliza.

Tinapita pa galimoto yanga. Njira yonse Mayi Leposava anangogwira chikwama chawo pachifuwa. Tinampeza Isidora ali gone pabedi, nkhope itatupa mpaka maso osatseguka. Sankatha kutafuna kapena kukweza mkono. Mayi ake anamuuza kuti aphunzitsi abwera, ndipo mwanayo anatembenuzira mutu kumene kunkachokera mawu.

"Ndinangolawa pang'ono, aphunzitsi. Anzanga ankandinena kuti ndine mwana wanu." Anapuma kaye, chifukwa nsagwada zinkamupweteka. "Mayeso ndidzalembabe?"

Mayi Leposava anagwada pambali pa bedi, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, n'kumuuza kuti adzalemba, adzalemba ndithu. Kenako anamunyamula okha mpaka pagalimoto, osalola kuti tiwathandize.

Isidora anakhala m'chipatala milungu isanu. Moyo wake unapulumuka, koma matendawo anakhudza mtima, ndipo madokotala anati ntchito yoima tsiku lonse pamoto si yake. Mayeso analemba, anakhoza kuposa onse, koma malo a ku hotela aja anatenga wina. Lero amathandiza mayi ake kusoka. Gvozden anachotsedwa ntchito, ndipo ndamva kuti kumowa amanenabe kuti vuto linali nguluwe imodzi yokhayo. Madzi akatayika saoleka, koma anthu ena ngakhale kutayikako sakuona.

Mayi Leposava anamaliza chaka, koma kuphwando lowatsanzika sanabwere. Ahedi anawalembera kalata yowathokoza kuti anapulumutsa ana khumi ndi mmodzi, ndipo zinali zoona. Ndinawapititsira kalatayo kunyumba kwawo, ndinawapeza akupalira maluwa. Anaiwerenga, kuipinda, n'kundibwezera.

"Asanu ndi awiri aja ndinawafunsa, Stana, ndipo onse ankanena zoona. Amene ndinkamukonda ndi amene sindinamufunse."

Ndinaika kalatayo m'thumba, iwo n'kutolanso khasu lawo.