Tsiku limene ndinataya madzi a m'beseni pa maliro

Ndikukumbukira chaka chimene mvula inatizunza ku Manyamula, ine ndili Sitandade 6. Bambo anga anali mphunzitsi wochokera ku Dedza, mayi anga mlangizi wa zaumoyo, ndipo anthu a kumeneko ankangotitchula kuti Achewa a kusukulu. Mvulayo inagwa sabata yathunthu osapumira. Nyumba za zidina zosawotcha zinagwa, zimbudzi zinasefukira, ndipo zonsezo zinatsetserekera kudambo kumene kunali zitsime zathu. Fungo lake sindidzaliiwala: matope, udzu wowola, ndi zinazo zimene sitingatchule pagulu.

Pasanapite nthawi anthu anayamba kutsegula m'mimba. Mayi ankalawirira pa njinga, chigubu cha klorini atamangirira kumbuyo, n'kubwerako miyendo ili matope okhaokha. Pakhomo pathu anaika lamulo limene ankalibwereza mpaka kutitopetsa: posamba m'manja munthu azithiriridwa madzi, asamaviike manja mmene wasamba mnzake. Ine ndi mlongo wanga Yohane, wa zaka zisanu, tinkawaseka kuseri kuti kolera yawalowa m'mutu.

Kenako anamwalira a Jere, oyandikana nawo nyumba, amene ankakonza njinga. Anadwala masiku awiri okha. Achibale anati ndi malungo, ndipo panalibe wofuna kutchula matenda enawo. Tsiku loika maliro mayi anali atapita kutali kukagwira ntchito, choncho tinapita ndi bambo. Nthawi ya chakudya itakwana, amayi ophika anandipatsa beseni la madzi kuti ndikasambitse amuna m'manja. Mwambo wake unali wodziwika. Beseni linkayambira kwa wamkulu kwambiri n'kumatsika mpaka kwa ana, madzi omwewo. Kusintha madzi panjira kunali ngati kunena kuti akuluakuluwo ndi auve.

Ndinagwada pamaso pa mkulu wake wa malemu, amene tinkawatchula a Jere aakulu. Ndinkadziwa kuti ndiwo anasambitsa mtembo m'mawa womwewo. Anasamba, otsatira anasamba, ine ndikungosuntha ndi maondo, ndili ndi mantha. Pofika kwa ana, madzi anali bii ngati otsukira mbale. Woyamba pa anawo anali Yohane, atatambasula kale timanja take chifukwa cha njala. Pamenepo mantha anandithera, mtima unandiwawa. Ndinaimirira n'kukhuthula madziwo patsinde pa mango, anthu onse akuona.

 Amayi amene ankaimba m'nyumba ya siwa analeka kuimba.

"Mwana wa njani uyu?" anafunsa a Jere aakulu mosakaniza ndi Chitumbuka, ngakhale ankandidziwa bwinobwino. "Mbwenu ife ndife auve chomene, eti?"

"Yohane sasamba m'madzi amenewa," ndinayankha.

Pakhonde pa nyumba ya malemu panali ndowa ya madzi a klorini imene mayi anasiya dzulo lake, yosakhudzidwa, poti anthu ankati akununkha chipatala. Ndinaikoka, ndinatenga kapu, n'kuyamba kuthirira ana mmodzimmodzi. Palibe anandiletsa. Ndikuganiza kuti anali asanaonepo mwano waukulu choncho, moti sanadziwe poyambira.

Bambo ndiwo anadziwa poyambira. Titafika kunyumba anathyola kamtengo ka pichesi n'kundithyapula m'miyendo. Anati ife ndife obwera, tikudya za eni dera, ndipo ndawachititsa manyazi pa maliro a munthu amene ankatikonzera njinga ulere. Anandilamula kuti m'mawa ndikagwade kwa a Jere aakulu ndi kupepesa. Ndinakana. Anandithyapulanso, ndinakananso, misozi ili chuchuchu.

Mayi atafika anamvetsera nkhani yonse ali chiimire, asanavule ndi nsapato zomwe. Kenako anati, "Bambo a Yohane, kupepesa ndikapepesa ine, poti ndine ndinamuphunzitsa. Koma mwanayu sakagwada."

Anapitadi okha. Zimene anakambirana kumeneko sanandiuze. Sabata yomweyo ena mwa amene anadya pa malirowo ananyamulidwa kupita kuchipatala, ndipo mmodzi sanabwerere. Sindinganene kuti linali beseni lija, chifukwa madzi oipa anali paliponse. Chimene ndikudziwa n'chakuti Yohane sanadwale. A Jere aakulu sanandiyankhenso moni mpaka tinasamuka, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa chikwapu.

Masiku ano ndikapita pa maliro ndimaona mtsikana akuyenda ndi jagi, kuthirira aliyense payekha, ndipo madala amangothokoza kuti yewo. Ndowa za mpopi zili m'matchalitchi ndi m'misika. Palibe amene amati wanyozedwa. Bambo anga, amene tsopano ndi okalamba, amanenabe kuti ndikanatha kuchita zija mwaulemu, mwakachetechete. Mwina akunena zoona. Koma Yohane akukwatira mwezi wamawa, ndipo ine sindinapepesebe.