Mchombo wa Makandulo a Achemwali

Ndikukumbukira m'mawa wina wa mwezi wa Juni ku Ching'ambo, chifunga chitameza ngakhale mtengo wa mapeyala wa pakhomo pathu. Kuzizira kwa Mzuzu kunkalowa mpaka m'mano. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, sukulu ndisanaipondeko. Bambo anali kalipentala wochokera ku Mulanje, amayi anali atamwalira, ndipo wosamala pakhomo anali achemwali anga, Esinati.

Achemwali ankadziwa kupanga makandulo. Tsiku limenelo azimayi a kumpingo anawapatsa zidutswa za makandulo otha ndi phula la njuchi, kuti apange makandulo khumi ndi awiri a ukwati wa mwana wa mkulu wampingo. Anasungunula zonse mumphika wakale pambaula, naponyamo masamba a mandimu, kenako anasefa pakansalu. Fungo lake linadzaza khitchini, la uchi ndi mandimu ndi utsi wa makala. Anathira phulalo m'zitini za mkaka zimene anayamba azitenthetsa, chingwe chili pakati, nafundika zonse ndi chiguduli pafupi ndi mbaula.

"Yona, ine ndapita kuchitsime. Ukhale pompano mpaka ziume. Usavundukule."

Koma kuseri kwa nyumba anzanga anali atayamba kale mpira wa nsanza, ndipo phula silinkafulumira. Ndinanyamula zitini zija n'kuziimika m'beseni la madzi ozizira. Posakhalitsa pamwamba panayera, panalimba. Ndinazibwezera pansi pa chiguduli, ndikudziona ngati munthu wanzeru kwambiri mu Mzuzu yense, n'kuthamangira kumpira.

Masana titavundukula, kandulo iliyonse inali ndi dzenje pakati, ngati mchombo wa munthu wonenepa. Chala chinkalowamo mpaka theka.

Wodzatenga makandulowo anali aNyaGondwe, mtsogoleri wa azimayi a kumpingo, mayi wamtali wosadziwa kunong'ona. Anapisa chala m'chitini chimodzi, kenako china.

"Mwana iwe, phula tinakupatsa lambiri chomene. Apa wakumba ndi supuni. Lina wabisa kuti?"

Achemwali anakana akulira. Bambo sanafunse zambiri, anathyola nthambi ya pichesi. Ine ndinaima kuseri kwa chitseko, ndikumva mkwapulo uliwonse, pakamwa nditatseka. Pochoka aNyaGondwe anati Lamulungu nkhaniyo akaitula kwa akulu ampingo, ndipo wakuba sangaimbe mukwaya. Pofika mawa lake, kuchitsime atsikana ankasuntha ndowa zawo achemwali akafika.

Kuulula ndinkaopa. Koma kugona ndi maso a achemwali otupa aja ndinkalepheranso. Choncho masiku atatu ndinkabisala kuseri kwa khitchini ndi phula lopala mumphika ndi tizitini ta matimati. Ndinkasungunula, kuthira, kudikira, kusungunulanso. Zala zinatuluka matuza. Pang'onopang'ono phula linandiuza chinsinsi chake. Limayamba kuuma m'mbali ndi pamwamba, m'kati likadali madzi, ndipo likamazizira limanyala n'kukokera pakati pansi. Ukalithira likubwadamuka, mchombo umazama. Chitini chikakhala chozizira, kapena mphepo ikachiwomba, umazamanso. Koma ukalisiya lipole pang'ono usanathire, n'kulifundika kuti liume mwaulesi, pamangokhala kadzenje kakang'ono. Kameneko umabaya ndi sipoko ya njinga pambali pa chingwe, n'kuthiranso phula lofunda pamwamba. Basi, see, ngati tebulo lopala bambo.

Loweruka azimayi ankasesa m'tchalitchi. Ndinafika nditasenza mbaula ndi mphika wa phula, zitini ziwiri zili m'thumba la kabudula.

"Yewo, mwabwera kudzatiphikira tiyi?" anatero mayi wina, ndipo onse anaseka.

Phula litasungunuka, ndinapempha aNyaGondwe kuti athire okha phula m'zitini zonse ziwiri, mofanana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma anathira. Chimodzi ndinachiimika m'ndowa ya madzi okolopera. China ndinachikulunga m'chitenje chawo chomwe, n'kuchiika pafupi ndi mbaula. Ine ndinakakhala patali pamwala, manja m'khwapa, kuti wina asadzati ndagwirapo.

Atamaliza kusesa ndi kukolopa anabwera onse. Cha m'chitenje chinali ndi kadzenje kosaoneka bwino. Cha m'ndowa chinali ndi mchombo wonse, wakuya kuposa wa makandulo a achemwali. ANyaGondwe anapisamo chala. Ndiye mayi uja wa tiyi anafunsa mokweza:

"ANyaGondwe, supuni mwaibisa kuti?"

Tchalitchi chonse chinagwedezeka ndi phwete. Wina anakhala pansi ndi tsache lake, misozi ili mbwee. ANyaGondwe sanaseke. Anamanga chitenje chawo m'chiuno, nauyamba wa kwathu, azimayi ali m'mbuyo, ine ndili patsogolo ndi mbaula yanga ngati wonyamula mbendera. Atafika anagwira manja onse awiri a achemwali bambo akuona. "Phepa, mwana wane. Ndinakunamizira." Masana omwewo tinabaya ndi kuthiranso makandulo onse khumi ndi awiri. Paukwati anayaka mowongoka, m'tchalitchi mukununkhira mandimu, ndipo achemwali anaimba kutsogolo kwenikweni, mutu uli m'mwamba.

Pali chimodzi chimene anthu sanamve. ANyaGondwe anandifunsa kuti nanga makandulo oyamba aja anazizira bwanji. Ndinayankha kuti, "Ndi kuzizira kwa Mzuzu, mama." Onse anavomera. Bambo ananyadira, anati mutu wotere suyenera kuwolera pakhomo, ndipo chaka chotsatira ndinayamba sukulu, ndikukhala pansi pakati pa tiana tondifika m'chiuno. Kulemba kumene ndikulembaku ndinakupeza choncho, pamsana pa achemwali. Zimenezi ndayenda nazo moyo wanga wonse.

Masiku ano zinthu zasintha. Mdzukulu wanga Tamanda, ku Lupaso, amapanga tizidutswa ta phula lonunkhira topanda chingwe, tooneka ngati maluwa, timene anthu amasungunula m'kambale kuti m'nyumba mununkhire. Ali ndi chitofu chamagetsi, choyezera kutentha, ndi mafuta onunkhira a m'timabotolo. Aphunzitsi ake ali m'foni. Koma phula silinasinthe khalidwe. Mwezi watha ndinamupeza atakwinya nkhope, maluwa ake onse ali ndi michombo, zenera lili pululu. Ndinatseka zenera, ndinamuuza atenthetse zikombole, adikire phula lipole, afundike ndi katoni. Anatuluka osalala onse.

Ndinatengako atatu n'kukwera njinga ya kabaza kupita ku Zolozolo, kumene achemwali amakhala ndi mwana wawo. Ndinawaika m'manja mwawo, ndipo ali m'kati monunkhiza ndinanena zonse, za mpira ndi za beseni.

Achemwali anaseka mpaka kutsokomola.

"Zitini zinali zonyowa kunsi, Yona. Ndinadziwa tsiku lomwelo. Ndimangoti tione adzanena liti." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mpaka imvi! Khala pansi, mwana akuphikire tiyi."

Ndinakhala pansi. Tiyi ameneyo ndinamwa makapu awiri.