Mlendo wa ku Limbe pa maliro a mkazi wanga

Ndinataya mkazi wanga, Linesi. Ndinataya munthu amene ankandidzutsa beru la ku fakitale ya tiyi lisanalire. Ndinataya tulo. Ndipo pa tsiku loika maliro ndinatsala pang'ono kutaya mwana wathu Tamanda, amene anali asanayambe n'kukwawa komwe.

Ndinadzuka kusanache, pa mphasa kuseri kwa nyumba ya apongozi anga ku Khonjeni. Chiperoni chinali chisanaleke. Amuna anali atazungulira moto wa zipika za bulugama zimene thirakitala ya ku esiteti inabweretsa, ena atafunda matumba a feteleza. M'siwa amayi anali atasasa mawu ndi kuimba. A kutchalitchi kwathu anabwera, koma osavala yunifolomu, chifukwa Linesi anachotsa yekha moyo wake. Palibe anandifotokozera. Ndinangoona zitenje pamene pakanakhala zoyera.

Mwana ndinkangomumva akulira m'nyumba. Chifikireni ndi thupi, sanandilole kumugwira. Ndikayandikira khomo, mlamu wanga, mkulu wake wa Linesi, ankamuponya kumsana n'kulowa naye kuchipinda. Kwa anthu a mkazi wanga mwana ndi wa kuchikazi. Ndinkazidziwa pokwatira, koma sindinaganizepo kuti ndi chinthu choti ndidzachiope.

Linesi anasintha atabereka. Sankagona, sankadya, ankangokhala pakhonde kuyang'ana minda ya tiyi mwana akulira pamiyendo pake. Tinapita kuchipatala cha boma. Namwino woona za matenda a maganizo anali yekha, mzere utafika pa geti. Tinalowa dzuwa litapendeka, ndipo anatimvera mwachangu, maso ake ali ofiira ndi kutopa. Sindimuimba mlandu. Mankhwala amene analemba kunalibe.

Mnzanga wa ku koleji ndiye anandiuza za mayi wina ku Limbe, mlangizi wolipiritsa, amene ntchito yake ndi kukhala pansi ndi munthu n'kumumvetsera mpaka amalize. Tinayamba kupitako Loweruka. Linesi anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Pa komboni, akangomva kuti umapita kwa a zamaganizo, dzina lako ndi wamisala mpaka kufa, ndipo mwana wako amakula ndi dzina lomwelo. Tinkanena kuti tikukagula zinthu. Masiku ena mlangiziyo ankafuna ndipite ndekha kuti andiphunzitse zoyenera kuyang'anira. Masiku ena ndinkamuimbira foni ndili kuseri kwa bafa. Anatithandiza. Linesi anayambanso kuseka, ine n'kuganiza kuti taoloka.

Kutacha, adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda. Amayi anasonkha moto m'mafuwa kumunsi kwa nthochi, utsi wa nkhuni zonyowa ukukwawa pansi. Anthu anayamba kutulukira m'nkhungu. Othyola tiyi anabwera wapansi ndi kapitawo wawo, atavala majombo ndi mapepala apulasitiki. Anzanga a mu ofesi anafika pa lole. Aliyense ankandigwira dzanja osandiyang'ana kumaso.

Mlangizi uja anafika pa kabaza, chitenje chatsopano m'chiuno, nsapato zake zitadzaza matope ofiira. Sindinamuitane. Ndinangomudziwitsa za imfa. Anakalowa m'siwa n'kukhala pakati pa amayi. Pasanapite nthawi ndinamva kulira kwa mlamu wanga kukukwera pamwamba pa nyimbo, kulira kotchula mawu.

"Linesi iwe, dzuka uone! Wokulowa m'malo wafika usanaikidwe n'komwe!"

Nyimbo inaduka. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene ankandibisira mwana. A kabaza ankandiona ndikulowa kwa mayiyo ku Limbe. Mlamu wanga, atabwera kudzationa pa esiteti, anandimva ndikunong'ona pa foni ndi munthu wamkazi. Iwo anali atamaliza kale nkhani yonse.

Kuno bokosi silinyamuka ankhoswe a mbali zonse asanagwirizane zokanena kwa anthu, kuti womwalirayo anadwala chiyani ndipo anamusamala ndani. Anandiitanira pansi pa mtengo wa mapeyala. Panali atsibweni ake a Linesi, achimwene anga, ndipo chapatali apongozi anga aakazi, atandifulatira monga mwa mwambo. Ine ndi iwo sitinayambe talankhulana maso ndi maso.

"Bambo a Tamanda," anatero atsibweni, "ife si ana. Mayi ali m'nyumbamo ndi ndani wanu?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinali nditalumbira kwa Linesi.

"Chabwino. Tikaika, inu muzipita ku esiteti kwanu. Mwana atsala kuno. Sitingapereke mwana kwa mkazi amene wadya mayi ake."

Anatuma munthu kukaitana mlangizi uja. Anabwera, nagwada pa udzu wonyowa. Adzukulu ena anali atabwerako kumanda ndipo anaima pafupi, makasu ali m'manja.

"Ndabwera kudzapepesa, bambo," anatero. "Zina si zanga zoti ndinene. Eni ake ndi awa."

"Mwamva?" anaseka mmodzi wa adzukulu. "Akuti awa. Amadziwana bwino."

Mayiyo sanadziteteze. Ntchito yake simulola kuulula za munthu amene anamuthandiza, ngakhale munthuyo ali m'bokosi. Ndinkaopa makasu aja. Ndinkaopa kubwerera ku nyumba ya kampani ndekha, kukapeza matewera pa chingwe. Ndinkaopanso Linesi, amene anagona pafupi pomwepo, kuti andimva.

Ndinanena zonse. Za kusagona, za mzere wa kuchipatala, za Loweruka lililonse limene tinkanama kuti tikukagula zinthu. Ndinanena kuti matendawa amagwira amayi ena akabereka, kuti si ufiti, si chibwenzi, ndipo si kusapemphera. Mawu anga ankatuluka ouma ngati ndikuwerenga lipoti kwa bwana.

Kenako apongozi anga analankhula, osatembenuka.

"Mwana wanga ankadwala, inu n'kukauza mlendo wa ku tauni, ine mayi wake ndili moyo?"

"Ankaopa, amayi."

"Ankaopa ine?"

Mlangizi uja ndiye anati, motsitsa mawu, "Ambiri amabisira amene amawakonda kwambiri, mayi. Ine ndimamva zimene anthu akulephera kuuza amayi awo."

Atsibweni anapukuta kumaso ndi chipewa. "Nanga anthu tiwauze chiyani? Tinakonza zoti ndi mutu waukulu."

"Nenani zimene anadwala," anatero apongozi. Za mwana palibe anatchulanso, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa.

Tinanyamuka masana, mvula yowaza ikugwabe. Njira ya kumanda imadutsa m'minda ya chinangwa, yoterera, ndipo onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi. Amayi okalamba ankalira m'Chilomwe. Ndinayenda pambuyo pa bokosi, achimwene atandigwira mkono. Kutsogolo ndinkaona kamutu ka Tamanda kakugwedezeka kumsana kwa mlamu wanga, atakaphimba ndi thawulo.

Kumanda atsibweni anaimirira kunena mbiri. Anati Linesi anadwala matenda a maganizo atabereka, ndipo mwamuna wake anayenda naye kuchipatala ndi kwa alangizi, koma zinakanika. Kumbuyo kwanga munthu wina ananong'ona mawu aja amene Linesi ankawaopa. Ndinawamva bwinobwino. Chimene anandipempha kuti ndibise chinamveka kwa mudzi wonse ndi theka la esiteti, iye akutsitsidwa pansi. Ndinaponya dothi. Linali lonyowa, linakakamira m'zala.

Pobwerera mlangizi uja anandipeza pa mphambano akudikira kabaza. Mlamu wanga anamudutsa osamuyang'ana. Mayiyo anangondifunsa ngati ndikugona. Ndinati ayi. Anati khomo lake ndi lomwe lija, ndipo ngati ulendo wavuta, ndikaime pa mzere wa kuchipatala, ndisachite manyazi, koma ndisakhale ndekha.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Lole inapita. Moto wa m'mafuwa unazima, kunangotsala agalu akununkhiza phulusa. Mipando ya m'siwa inali idakali panja, ndipo m'nyumba munali mphasa zokha ndi fungo la makandulo. Ndinakhala pakona, nsana kukhoma, kudikira kuti andiuze tsiku lochoka.

Apongozi anga anatuluka kuchipinda atanyamula Tamanda. Anagwada chammbali, nkhope atalozetsa kukhomo, n'kumuika pa mphasa pafupi ndi mapazi anga. Sanalankhule ndi ine. Analankhula ndi mwanayo.

"Pita kwa abambo ako. Uwauze kuti ku esiteti tipitira limodzi, ine ndi iwe, mpaka uyambe kuyenda. Uwauzenso kuti kwa mayi wa ku Limbe uja apiteko okha tsopano. Maso awo sindikuwakonda. Ndi omwe aja a mayi ako."

Anadzuka n'kutseka chitseko cha kuchipinda.

Ndinamunyamula. Anali wofunda, akununkhira utsi ndi mkaka wa m'chitini. Anandigwira kolala n'kuyamba kuiyamwa. Mantha sanachoke. Ndinali ndisanamunyamule chichokereni m'mawa uja wa tsiku limene anatisiya, pakhonde la nyumba ya kampani, pamene Linesi, atasamba bwino, atapesa tsitsi, anamuika m'manja mwanga n'kunena kuti:

"Tamugwirani kaye mwanayu, ndikubwera."