Mchira wa Kaiti ya a Cuthbert

A Cuthbert Adonis ankayang'anira chipata cha madzi pa ngalande yaikulu ya m'mudzi mwathu, kugombe la nyanja yaikulu m'chigawo cha Berbice. Nyanja ikaphwa ankakweza chitseko kuti madzi a m'minda atuluke, ikayamba kudzala ankachitsitsa. Anali munthu wamtali, wowonda, wouma pakamwa. Ngakhale m'tchalitchi ankangogwedeza milomo, nyimbo osamveka.

Koma Pasaka ikamayandikira, bamboyo ankasanduka wina. Kunsi kwa nyumba yawo ya pamizati kunkadzaza timitengo topala bwino ndi mapepala amawangamawanga. Ana ankatumidwa kukathyola tizipatso ta ulimbo tomatira, akazi awo, mayi Ismay, ankasonkhanitsa nsanza za mchira m'thumba, ndipo Lolemba la Pasaka banja lonse linkakwera pakhoma lotchinga nyanja kukaulutsa kaiti, dengu la mabanzi ndi mphika wa mpunga wa kokonati zili pamutu. Kaiti ya a Cuthbert inali ndi kalilime ka pepala kamene kankalira ngati ng'ombe yamphongo. Unkaimva usanaione.

Mdani wawo pa tsikulo anali a Balgobin, mlimi wa mpunga wa nyumba yoyandikana nayo. Chaka chonse ankabwerekana makasu ndi kudyerana kabuledi kopyapyala kotchedwa roti, koma Lolemba limenelo a Balgobin ankamangirira malezala kumchira wa kaiti yawo n'kumasaka zingwe za anzawo. A Cuthbert lezala sankalifuna. Luso lawo linali kuzemba, ndipo chiyambire unyamata wawo sanatsitsepo kaiti chifukwa choopa munthu.

Chaka chimene ndikunenachi, mwana wamkazi wa a Cuthbert, Verna, anali ndi khanda lake loyamba, loti libatizidwe Lamulungu lotsatira. M'banjamo munali kamwinjiro ka ubatizo, koyera, ka mphonje zoluka pamanja, kamene anasoka malemu amayi awo a mayi Ismay. Mwana aliyense wa m'nyumbamo anabatizidwa atavala komweko. Mayi Ismay anakatulutsa m'bokosi, n'kukaika m'kathumba ka pilo kakale, n'kukapachika pamsomali kunsi kwa nyumba kuti akachape chikondwerero chikatha.

M'mawa wa Lolembalo a Cuthbert anayesa kaiti yawo pabwalo, ndipo inangozungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Mchira unali wopepuka. Anathamangira kumsomali, magalasi ataiwala m'nyumba, n'kupisa dzanja m'thumba limene linali pafupi. Nsalu yofewa imene anatulutsa anaing'amba mizeremizere n'kuilumikiza mfundo.

Pofika masana kaitiyo inali pamwamba pa zonse, ikubangula. Mayi Ismay anali kugawa mabanzi pamene anakweza maso. Anaphimba dzuwa ndi chikhatho, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Bambo a Verna, mchira uwo mwautenga kuti?"

"M'thumba la nsanza, ngati kale lonse."

"Thumba liti?"

"La pamsomali."

"Pamsomali paja pali matumba awiri, bambo inu."

Banzi linagwa m'manja mwawo. Verna anaimirira, khanda lili paphewa, nayenso n'kuona mphonje zikupepeluka kumwamba.

"Mayo ine! Ababa, ndi kamwinjiro ka agogo kaja!"

A Cuthbert nawonso anakweza maso kumchira uja. Chingwe chinkawakoka m'manja ngati chamoyo. Anayang'ana akazi awo, koma mayiwo sanakalipe, sanalire, anangokhala pansi pang'onopang'ono atagwira pakamwa. Zimenezo n'zimene zinawaopsa koposa. Anayamba kukulunga chingwe msangamsanga. Zidutswa zikanatsika zonse, mwina singano ikanathandiza.

Apo n'kuti kaiti yofiira ya a Balgobin ikubwera cham'mbali, malezala akung'anima.

"Aneba!" anakuwa a Balgobin ali chapatali, mano onse pamtunda. "Chaka chino mwaiveka ngati mkwatibwi! Ikukakwatiwa kuti? Taimani ndiimete kaye!"

"Balgobin, chotsa chinthu chakocho! Ndikutsitsa!"

Khoma lonse linacheuka. Amayi ogulitsa zakumwa anasiya kuthira. Palibe amene anamvapo a Cuthbert akukuwa, ndipo mawu akuti "ndikutsitsa" sanali oti n'kutuluka pakamwa pawo.

"Inu kutsitsa?" a Balgobin anaseka mpaka kutsokomola. "Mdala, bodza limenelo kanamizeni ana! Mukufuna ndiyandikire kuti mundizembe!"

"Ndikupempha, mnzanga! Ndagonja!"

"Mwagonja? Ndiye landirani!"

Anagwedeza dzanja kamodzi. Kaiti yofiira inatsika ngati kabawi, chingwe cha a Cuthbert chinati thapu, kubangula kuja n'kuleka. Kaiti yaikulu ija inayamba kuyandama, mphepo ya kunyanja ikuikankhira kumtunda, kupitirira madenga, kulowera kuminda.

A Cuthbert anadumpha pakhoma. Munthu wa imvi, atavala zoyera za Pasaka, anadutsa msewu osayang'ana galimoto, anapyola pabwalo la eni ake, n'kulowa m'ngalande mpaka m'chiuno. Kumbuyo kwawo kunkamveka phazi lina. Anali a Balgobin, amene Verna anali atawauza mawu awiri okha za kamwinjiro kaja, ndipo anataya chingwe chawo pomwepo, kaiti yofiira n'kupita kwina.

Anaipeza m'munda wa mpunga, mapepala atanyowa, mchira uli tantha pamatope. Chakumapeto kwake kunali ng'ombe, ikutafuna mwaulesi, kansalu koyera kakulendewera pakamwa.

"Choka! Choka, mfiti iwe!" anakuwa a Balgobin, n'kuigwira nyanga. Ng'ombeyo inameza, n'kuwayang'ana.

Madoda awiriwo anakhala pamzere wa munda, akumasula mfundo.

"Bwanji osanena, aneba?"

"Ndinanena."

"Munati mwagonja basi. Ndani akanakhulupirira?"

Zidutswazo anazitengera m'chipewa. Mayi Ismay anaziyala pamiyendo, chimodzichimodzi, osasamala matope. Khosi linalipo, mphonje za kutsogolo zinalipo, dzanja limodzi linalipo. Msana wonse ndi dzanja linalo zinali m'mimba mwa ng'ombe. Anazikulunga, n'kunyamuka, dengu kulisiya pomwepo.

Sabata imeneyo m'nyumbamo munali zii. A Cuthbert ankadya chakudya chawo kuchipata cha madzi, ndipo ankabwera mwakachetechete ngati mlendo. Lachitatu mayi Dularie, akazi a a Balgobin, anakwera masitepe atanyamula mpango woyera wa kumutu umene anafunda pa ukwati wawo.

"Achemwali, dulani apa. Mwamuna wanga ndi chitsiru, wanunso chimodzimodzi. Mwana asavutikire zimenezo."

Amayi awiriwo anasoka pakhonde mpaka Loweruka. A Cuthbert ankamva lumo likulira koma sanalimbe mtima kusuzumira.

Lamulungu anakhala pabenchi ya kumbuyo kwenikweni, chipewa chili pamaondo. Khanda linalowa litavala kamwinjiro ka misoko yambirimbiri, kutsogolo kwachikasu pang'ono chifukwa cha ukalamba, kumsana koyera mbee. Mapemphero atatha, anthu akutuluka, mayi Ismay anaima pafupi ndi benchi ija. Anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenaka anawaika mdzukulu m'manja.

"Gwirani bwino," anatero. "Ndipo zala zanuzo zitalikire mphonje."