Mzere Wodula Chigwa cha Dutchman

Verna Tolman wakhala akugawa makalata m'chigwa cha Dutchman kuyambira ali mtsikana, ndipo palibe galu wa m'chigwamo amene sadziwa kulira kwa galimoto yake. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wosadziwa kunong'ona. Ngakhale moni wake umamveka ngati mlandu.

Kuno ku Wyoming mpando wa ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington sitikanganirana malire. Mpandowo ndi umodzi, tonse phungu wathu ndi mmodzi, nanga udula pati? Nkhondo yathu imakhala pa mipando ya nyumba ya malamulo ya chigawo chathu chino, ku Cheyenne. Kalembera akadutsa, malire amawajambulanso kuti aphungu akhale ndi anthu ofanana kuchuluka.

Mapu atsopano atatuluka, Verna anapeza mzere utadula chigwa pakati ngati mpeni pa dzungu. Akumunsi anatsala ndi phungu wawo wakale, munthu woti umamugwira malaya pa msika wa ng'ombe. Akumtunda, iye pamodzi, anawaponya ku tauni ya Redfield, kuseri kwa phiri, kumene msewu wake umatsekeka ndi chipale chofewa nyengo yonse yachisanu. Zinamuwawa kwabasi. Phungu wa kuseri kwa phiri adzadziwa bwanji kuti sukulu ya m'chigwa ikudontha?

Komiti ya malire itabwera kudzamva maganizo a anthu, Verna anakokera chigwa chonse ku holo ya sukulu. Wokana ankamuuza kuti makalata ake azikatenga yekha ku positi. Holo inadzaza mpaka pakhomo.

"Bwana," anatero kwa wapampando, bambo Kessler, "phiri lija munayamba mwalikwerapo mu Januwale?"

"Ndinalikwerapo, mayi, mpaka ndinagona m'galimoto. Mukunena zoona. Koma dera lanu anthu achepa, silingaimenso palokha, ndiye tinaligawa pawiri kuti mbali iliyonse iphatikane ndi dera loyandikana nalo. Kalembera anapeza nyumba zambiri kumtunda kwanu zilibe munthu."

"Zilibe munthu? Ndiye makalatawa ine ndimapatsa mizukwa?"

Akumunsi anaseka. Verna atacheuka anaona anansi ake onse akumtunda maso ali pansi, ndipo mlongo wake wamkulu, Orrin, anali atatsitsa chipewa mpaka pamphuno.

Apa ndi pamene zinamulowa. Anthu akumtunda ali ndi khalidwe lawo lochokera kwa makolo: boma lisadziwe kuti m'nyumba mwanga mugona angati. Mapepala a kalembera, omwe Verna yemweyo anawabweretsera, anakolezera moto. Owerenga anthu atabwera ndi miyendo anapeza mageti ali ndi maloko. Orrin ndiye anachita kuwamasulira agalu, n'kumadzitama nazo mwezi wathunthu.

"Chiwerengerocho sitingachisinthe, mayi," anatero bambo Kessler mwaulemu. "Mpaka kalembera wina, pakatha zaka khumi."

Verna anangokhala pansi. Manyazi anamugwira, ndipo mkwiyo unabwera pambuyo pake.

Panja anapeza Orrin atatsamira galimoto, akuyatsa fodya.

"Chemwali, madzi akatayika saoleka," anatero Orrin. "Komanso boma lilibe nazo ntchito za m'nyumba mwa..."

"Tsekani pakamwa, achimwene. Chigwa mwachidula ndinu, inu ndi agalu anuwo. Muli ndi zaka zingati?"

"Iwe sukudziwa? Sevente-foro."

"Ndiye mvetserani. Fodya mwasiya lero. Nyama yonona mwasiya. Kuchipatala kumene mumakuthawa kuja ndikutengani Lachiwiri. Kalembera akadzabweranso ndidzakwera naye ndekha, geti ndi geti, agalu ndidzamanga ine. Mutu uliwonse wa kumtunda ndikuufuna, ndipo woyamba ndi wanu."

"Nanga ndikafa?"

"Mukafa asanakuwerengeni, pamaliro panu sindidzapondapo."

Orrin anaseka pang'ono, koma atamuyang'ana kumaso kusekako kunatha. Mlongo wake misozi inali italengeza, ndipo sanali kuchita nthabwala. Anayang'ana ndudu ija kanthawi, n'kuiponya mu chipale chofewa, n'kuiponda ndi jombo.